Tisoke Chofunda cha Zigamba

 

Tonse kuno ku Lobi tidziwa mmene kumazizirira mu Juni ndi Julaye. Dedza ndi dziko la mapiri. Kuzizira kumene kumakometsa mbatata yathu ya kachewere ndi komwenso kumagonetsa ana athu atadzipinda ngati bongololo. Pa nyumba zambiri ana atatu amalimbirana bulangete limodzi. Wamng'ono ndiye amatsala pamtunda, ndipo m'mawa amadzuka ndi chifuwa.

Bulangete la kusitolo lifuna ndalama. Koma nsalu zakutha tili nazo tonse: chitenje chong'ambika pakati, malaya a bambo othera m'khosi, deresi limene mwana lamuchepera. Atelala a pamsika nawonso amasesa tizidutswa ta nsalu tsiku ndi tsiku. Zimenezi zikalumikizidwa bwino zimasanduka chofunda.

Musaganize kuti ndi ntchito yochititsa manyazi. Ku America kuli mudzi wa anthu akuda wotchedwa Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama. Amayi a kumeneko anali osauka, ndipo ankasoka zofunda ndi zovala zakutha za kumunda. M'chaka cha 2002 zofunda zawo zinapachikidwa m'nyumba yaikulu ya zionetsero mu mzinda wa Houston, anthu nabwera kudzaziona.

Tsono ndikuuzeni zimene zinatichitikira ife. Pa gulu lathu tinalipo amayi 10. Tinapangana kuti aliyense akasoke zigawo zitatu kwawo, tidzalumikize pamodzi. Tinaiwala chinthu chimodzi: muyeso. Wina anayesa ndi chikhatho. Wina anayesa ndi zala zinayi. Ine ndinangoyesa ndi maso, poti ndinkadziona ngati katswiri. Tsiku lolumikiza litafika, ha! China chachikulu, china chaching'ono, china chopendekeka ngati munda wa m'phiri. Tinayamba kulozana zala. Mayi wina anatola zigawo zake napita kwawo ali wokwiya, ndipo anatha mwezi wathunthu osabwera ku sukulu ya kwacha. Chisanu cha chaka chimenecho chinatipeza tilibe chofunda.

Wolakwa sanali mayi uja. Tonse tinasoka bwino, koma aliyense ndi muyeso wake.

Chaka chotsatira tinachita motere. Tinatenga katoni yolimba ndi tepi ya telala. Tepi ili ndi mbali ziwiri, ina ya mainchesi, ina ya masentimita. Onetsetsani kuti nonse mukuwerenga mbali imodzi. Ife tinasankha masentimita. Tinadula katoni ya mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse masentimita 12. Kuchokera pa katoni imeneyo tinadula zina 9, kuti mayi aliyense akhale ndi yake. Apa ndi pamene ndinaona phindu la manambala amene tinaphunzira pa bolodi.

Musanadule, chapani nsalu zonse ndi kuzisita. Nsalu yatsopano imabwerera ikachapidwa, ndipo ina imachucha utoto ndi kuononga zinzake. Musasakanize nsalu yotamuka, monga ya juzi kapena sikipa, ndi ya chitenje. Pamene nsalu yapyapyala chifukwa cha kutha, dulani mutaye. Musamve chisoni.

Ikani katoni pa nsalu, mulembe m'mbali mwake ndi pensulo, ndipo mudule. Kenaka lembani mzere wina mkati, sentimita 1 kuchokera m'mphepete. Singano iyende pa mzere umenewo. Osati pafupi ndi mzere, koma pa mzere penipeni. Mukaphonya pang'ono pa kachigamba kalikonse, pofika kumapeto kwa chofunda mwaphonya ndi chikhatho chathunthu.

Chigawo chimodzi chili ndi tizigamba 9. Lumikizani titatu mu mzere. Sokani mizere itatu yotere, kenaka muilumikize. Tizigamba takuda ndi towala tizisinthana, monga bolodi la dirafuti. Posoka, singano izibwerera m'mbuyo pang'ono pa kubaya kulikonse, kuti msoko ulimbe. Ana amakoka chofunda usiku. Mukatha, sitani ndi simbi ya makala. Misoko ya mzere woyamba muigoneke kumanja, ya wachiwiri kumanzere. Mukatero ngodya zimakumana bwino, popanda mfundo yolasa m'nthiti.

Chigawo chanu chikatha, chiyeseni. Chiyenera kukhala masentimita 32 mbali zonse. Chigawo choyamba musasokere kunyumba. Sokerani pano pa gulu, anzanu achione, chiyesedwe, ndipo zinazo mukasokere kwanu.

Amayi 10 akasoka zigawo zitatu aliyense, zikwana 30. Tsiku lolumikiza ndilo lokoma. Yalani mphasa ziwiri pabwalo. Ikani zigawo 5 m'mimba mwake ndi 6 m'litali mwake. Tsono imirirani, mubwerere m'mbuyo, muyang'ane. Ngati zofiira zaunjikana pa ngodya imodzi, zimwazeni. Apa pamakhala kukangana ndithu, poti aliyense afuna chigawo chake chikhale pakati. Ife tinagwirizana kuti agogo wamkulu pa gulu ndiwo azigamula. Mukagwirizana, lembani manambala 1 mpaka 6 pa timapepala, mubaye ndi pini pa mzere uliwonse, kuti mizere isasokonezeke mwana kapena nkhuku ikadutsapo.

Lumikizani zigawo za mzere umodzi poyamba, kenaka mizere yonse. Chofunda chidzakhala masentimita 150 m'mimba ndi 180 m'litali. Chikwana ana awiri, ngakhale atatu ang'onoang'ono.

Nsalu imodzi yokha sifunditsa ku Dedza kuno. Lumikizani zitenje ziwiri zikhale kunsi. Pakati yalani bulangete lakutha lija mumafuna kupatsa galu, mutalichapa. Pamwamba ikani zigamba zanu. Tengani singano yaikulu ndi ulusi wokhuthala, mubaye nsalu zitatu zonse ndi kumanga mfundo pa ngodya za tizigamba. Yambirani pakati kupita kunja, kuti nsalu isakwinyike. Pomaliza pindirani chitenje cha kunsi pamwamba, musoke mpendero kuzungulira.

Nanga chofundacho chidzakhala cha yani? Funso limeneli muliyankhe musanadule nsalu ndi imodzi yomwe. Ife tinachita ngati chipereganyu. Tinalemba maina onse m'kope, ndipo aliyense anadziwa nthawi yake. Choyamba tinapereka kwa mayi uja anakwiya, chifukwa amalera adzukulu anayi amasiye.

Tikayamba mu Epulo, zofunda ziwiri zikhoza kutha Juni asanafike. Lachinayi likudzali aliyense abwere ndi nsalu zochapa kale, singano, ulusi ndi pensulo. Amene ali ndi sizasi asaiwale. Tepi ndi katoni ndidzabweretsa ndine.