Za Kudzala Kwathu ndi Kutentha kwa Dziko

Nkhani ya lero ndi ya kudzala, kumene timataya makoko a nthochi, mkute wosasa, zinyalala za pabwalo ndi majumbo, zonse pamodzi. Zinthu zowola zikapsinjana m'dzenje momwe mphepo silowa, tizilombo tosaoneka ndi maso timaziwoletsa n'kutulutsa mpweya wotchedwa methane. Mpweya umenewu umasunga kutentha padziko kuposa carbon dioxide pafupifupi ka 28 tikawerengera zaka 100, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu a methane wobwera ndi zochita za anthu limachokera ku zinyalala ndi madzi a zonyansa. N'chifukwa chake mu 2021, ku Glasgow, mayiko oposa 100 adalonjeza kuchepetsa mpweyawu ndi 30 peresenti pofika 2030. Kumtaya wa Mzedi ku Blantyre ndi wa Area 38 ku Lilongwe, zambiri zimene magalimoto amakhuthula n'zowola zomwezi, zimene mlimi akanazisandutsa chakudya cha nthaka.

Mankhwala ake ndi kusankha zinyalala zisanafike kudzala. Zowola zipite pamulu wa kompositi. Yalani mapesi kapena udzu wouma, pamwamba masamba aawisi ndi zotsala za kukhitchini, kenako ndowe ndi phulusa pang'ono, n'kuwaza madzi kuti munyowe koma musachite chithaphwi. Chinsinsi chagona pa kutembenuza. Mulu wotembenuzidwa pakatha masabata awiri kapena atatu umalowa mphepo, umatentha bwino, ndipo methane amatuluka wochepa kwambiri. Mukausiya wonyowa ndi wotsendereka, ubwerera ku khalidwe la dzala lija. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa.

Wina anena kuti kuwotcha n'kwachangu. N'zoona, koma moto sumaliza zinyalala, umangozisamutsira m'mlengalenga ndi m'chifuwa mwa ana athu. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni, ndipo mapesi akapsa, chonde chambiri chimene akanabwezera m'munda chimapita ndi utsi. Majumbo opyapyala boma lidawaletsa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Tiyeni tibwerere ku dengu ndi chikwama chansalu popita kumsika.

Winanso afunsa kuti, bwanji tivutike ife pamene owononga kwambiri ndi mayiko a mafakitale? Funsoli n'lachilungamo, pakuti gawo la Malawi pa mpweya woipa wa dziko lonse ndi laling'ono zedi, ndipo olemerawo ayenera kusenza mtolo waukulu. Komabe namondwe Freddy wa mu 2023 sadafunse kuti wolakwa ndani asanakokolole nyumba ndi minda kuchigawo chakumwera. Methane amakhala m'mlengalenga zaka ngati 12 zokha, choncho kumuchepetsa lero kumathandiza ife eni tikadali moyo. Ndipo ngakhale nkhani ya nyengo titaiika pambali, manyowa amasunga chinyontho pa nthawi ya ng'amba ndipo amachepetsa feteleza wogula, amene mtengo wake mukuudziwa nokha.

Pempho langa n'lakuti khomo lililonse likhale ndi malo awiri: mulu wa zowola ndi thumba la zosawola. Mafumu, tithandizeni kuti mvula yoyamba ipeze manyowa ali kale m'minda.