Musanagule chimbale chosungira kanema wa banja lanu



Ambiri mwa inu amene munabwerera kuno kumudzi itatha riferendamu ya 1993 munabwera ndi matepi a vidiyo m'masutikesi: ukwati wa ku Lusaka, ubatizo wa mwana ku Dar es Salaam, maliro a m'bale amene anagona kuchilendo. Matepiwo akutha. Amachita nkhungu, amamatirirana, ndiponso kampani yomaliza kupanga madeki a VHS, ya Funai ya ku Japan, inasiya ntchitoyi mu 2016. Choncho amene mwasamutsira kale kanema wanu pa kompyuta mwachita zanzeru. Chatsala n'chakuti mumuike pa chimbale chanji, poti zimbale zopanda kanthu zonse zimanyezimira mofanana, chabwino ndi chachabechabe chomwe.

CD musavutike nayo, njochepa. Imalowa 700 MB basi. DVD wamba imalowa 4.7 GB, omwe ndi maola pafupifupi awiri a kanema wooneka bwino. Mukaona kompyuta ikunena kuti malo alipo 4.38 okha musakalalatire wogulitsa, sanakubereni. Kawerengedwe kake ndiye kosiyana.

Tsono yang'anani zilembo za pa paketi. Pakalembedwa RW ndiye kuti chimbalecho mutha kufufuta ndi kulembanso. Chimenecho n'choyeserera, si chosungira mbiri ya banja ayi. Mwana wofuna malo oika nyimbo zake angathe kufufuta ukwati wa agogo ake m'mphindi zochepa, inu muli ku tchalitchi. Gulani cholembedwa R yekha, chimene mukalemba mwalemba. Za R nazo zili pawiri. Pali DVD-R, imene inayamba ndi a Pioneer mu 1997, ndi DVD+R, imene inadza mu 2002 mothandizidwa ndi a Philips, a Sony ndi anzawo. Makina a masiku ano amawerenga zonse ziwiri, koma deki yakale yomwe munasiyira amalume kumudzi kawirikawiri imamvana ndi DVD-R. Za DL, zolowa 8.5 GB, n'zodula ndipo madeki ena amajejema nazo pakati pa filimu. Ine ndingakonde kugawa kanemayo pa zimbale ziwiri.

Nkhani yaikulu ili pa wopanga. Kulemba chimbale, kumene achinyamata amati kubena, n'kuwotcha timadontho pa utoto wopyapyala umene uli m'kati mwa pulasitiki. Utotowo ukakhala wosalongosoka umafwifwa, ndipo chimbale chosakalika n'komwe chimangokana kuwerengeka. Dzina la pa paketi silikwanira, chifukwa makampani ambiri amangogula kwa ena n'kudindapo dzina lawo. Pulogalamu ya ImgBurn imatha kukuonetsani chizindikiro cha fakitale yeniyeni. A Taiyo Yuden a ku Japan, amene zimbale zawo zinkatamandidwa zedi, analeka kupanga mu 2015. Za Verbatim zolembedwa AZO zidakali ndi mbiri yabwino. Mulu wa zimbale zopanda dzina, zimene zakhala zikuwambidwa ndi dzuwa pa benchi ya venda, usiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo chotani. Paliponso M-DISC, yosagwiritsa ntchito utoto wotere, koma imafuna makina olembera amene amaidziwa.

Polemba musathamange. Paketi ikati 16x, inu sankhani 8x, ndipo muuze pulogalamu kuti ikamaliza itsimikize zimene yalemba. Ngati mukufuna kuonera pa wailesi ya kanema, lembani monga DVD-Video ya PAL, osati kungokokera mafailo pa chimbale, chifukwa madeki ena sawadziwa mafailowo. Muchitsekenso chimbalecho pomaliza, apo ayi chidzasewera pa kompyuta yanu yokha.

Lembani ziwiri. China chikhale kwanu, china kwa achemwali anu ku Mzuzu kapena ku Zomba, ndipo failo yeniyeniyo musaifufute pa kompyuta kapena pa hard drive. Ma laputopu ambiri masiku ano akubwera opanda polowetsa chimbale, ndiye mudzafunika makina olumikiza pa USB. Zimbalezo muziike choimirira m'zikuto zake, pamthunzi, kutali ndi denga la malata. Musamatepo pepala; lembani ndi cholembera chofewa maina a anthu ali m'kanemamo, malo ndi chaka. Pakatha chaka muzichitulutsa n'kuchionera mpaka kumapeto, ndipo chikayamba kudumphadumpha mukopere pa china tsiku lomwelo.

 Amene ali ndi mafunso afunse.