Phulusa Lili Pakhomo: Tithane ndi Nyerere Popanda Poizoni



Mvula ikangoyamba, nyerere zimatilowera m'nyumba. Timazipeza mu shuga, mu ufa ndi mu nsinjiro. Linthumbu likalowa m'khola usiku, m'mawa timatola anapiye akufa. Zikatere ambiri a ife timathamangira kumsika kukagula mankhwala omangidwa m'timapepala, opanda dzina, opanda malangizo. Mankhwalawo timawaza pansi pomwe mwana amakwawa, pomwenso nkhuku zimatola chakudya. Nyerere zimafa ndithu, koma poizoniyo amatsala m'nyumba mwathu.

Tiyambe tamudziwa mdaniyu. Nyerere imodzi ikapeza chakudya imasiya fungo m'njira pobwerera kuuna, ndipo zinzake zimalondola fungolo. N'chifukwa chake zimayenda pamzere. Kupha zomwe tikuziona sikuthetsa vuto, pakuti make amakhala pansi akuikira mazira ena.

Choyamba, tizimane chakudya. Shuga asungidwe m'chitini chotseka bwino, ndipo chitinicho chikhale m'mbale ya madzi. Mbale zisagone ndi mkute, zinyenyeswa zisesedwe madzulo.

Chachiwiri, tifafanize njira yawo. Pukutani mzere wonse ndi madzi a sopo kapena a mandimu kuti fungo lithe, kenaka matani ming'alu yomwe zikulowera.

Chachitatu, phulusa. Thirani phulusa louma mozungulira khola, pakhomo ndi pa miyendo ya nkhokwe. Phulusa likanyowa ndi mvula, thirani lina. Linthumbu likafika, waziranitu phulusa lotentha kutsogolo kwa mzere wake kuti likhote, koma samalani ndi denga la udzu.

Chachinayi, londolani mzere mpaka kuuna. Thiranimo madzi owira, ana ali kutali. Kapena sinjani masamba a nimu kapena a mthuthu okwana kilogalamu imodzi, muwaviike mu malita 5 a madzi usiku wonse, musefe, muthire pa unapo. Mthuthu umapha nsomba, choncho zotsala musatayire kumtsinje kapena kudamu.

Komatu tisamalize nyerere zonse. Kumunda zina ndi antchito athu. Chiyambire pomwe mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija zidasakaza chimanga m'chaka cha 2017, alimi ambiri amathira msuzi wa usipa m'nsonga za chimanga kuti nyerere zibwere kudzadya mbozizo. Tikuzichotsa m'khitchini ndi m'khola, osati m'munda.

Tsono mawu athu apite kwa akuluakulu. Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la m'chaka cha 2000, ndipo bungwe la Pesticides Control Board lidakhazikitsidwa kuti lizilondoloza ogulitsa. Nanga bwanji poizoni wopanda dzina akugulitsidwabe poyera, pafupi ndi tomato ndi usipa? Tikupempha kuti oyendera misika afike mpaka m'misika ya kumudzi, osangothera m'tauni. Tikupemphanso kuti malangizo a pa botolo alembedwe m'zilankhulo zathu, kuti mlimi aziwerenga yekha.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Kalabu iliyonse idzale nimu ndi mthuthu dzinja lino, ndipo pa msonkhano wa mwezi wamawa aliyense adzanene zomwe waona atayesa njirazi. Wogulitsa mankhwala opanda chizindikiro tisamugule, tikamunene kwa alangizi ndi kwa amfumu.