Msewu Wopanda Zikwangwani



Lero ndifuna tilingalire pamodzi za funso limene lingaoneke ngati la akatswiri a misewu okha, koma likukhudza moyo wa ana athu. Kodi msewu ukachotsedwa zikwangwani ndi maloboti, ngozi zimachepa?

Ku dziko la Netherlands kudali katswiri wina wa misewu, dzina lake Hans Monderman, amene adamwalira m'chaka cha 2008. Iye adaphunzitsa kuti woyendetsa galimoto akazoloŵera kumvera nyale yobiriŵira, amaleka kuyang'ana anthu. Loboti ikamuloleza, amangopita, ngakhale patsogolo pake pali nkhalamba. Tsono mu mzinda wa Drachten, pa mphambano yotchedwa Laweiplein, adachotsa maloboti, ndipo ngozi zidachepadi. Iye mwini ankaloŵa pakati pa magalimoto akuyenda chafutambuyo, pofuna kuonetsa alendo kuti oyendetsa ayamba kusamala.

Wina akamva zimenezi adzati, "Basi, ife a ku Kawale ndi ku Chinsapo tidatsogola kale!" Zoonadi, zikwangwani zambiri kwathu kuno zidachoka. Koma adazichotsa ndani? Adazizula usiku anthu ofuna chitsulo, ena kukagulitsa, ena kukasula mbaula. Maloboti nawo, magetsi akazima, amangokhala chiimire ngati mitengo youma. Inu amene mumayenda mu msewu wa Chidzanja madzulo, kapena kuwoloka msewu wa M1 cha ku Kanengo pobwerera ku Mgona ndi ku Area 25, mukudziŵa bwino chimene chimachitika pamenepo: wamphamvu ndiye amadutsa. Lole iyamba, minibasi itsata, wakabaza aloŵerera pampata, ndipo mai wobereka mwana kumbuyo amaima m'fumbi kudikira chifundo.

Kusiyana kwake kuli apa, ndipo ndikupemphani mumvetsetse. Ku Drachten sadangozula zitsulo n'kuchoka. Adaumanganso msewu wonse: adaika bwalo lozungulira pakati, adakonza powolokera anthu, kotero kuti galimoto silingathe kuthamanga ngakhale mwini wake atafuna. Chimene chidapulumutsa anthu ndi liŵiro lochepa. Munthu wogundidwa ndi galimoto loyenda makilomita 30 pa ola kaŵirikaŵiri amapulumuka. Liŵiro likapitirira 50, chiopsezo cha imfa chimakwera kwambiri. Pa liŵiro lochepa woyendetsa amatha kuona nkhope ya woyenda pansi, aŵiriwo n'kumvana ndi maso. Nanga pa liŵiro la minibasi yolimbirana okwera, mungamvane ndi yani?

Ngakhale ku Ulaya komweko nzeru imeneyi idapeza otsutsa, ndipo otsutsawo adali akhungu. Iwo adadandaula kuti msewu wodalira kuyang'anana m'maso uwataya kunja, pakuti wakhungu amadziŵa malire a msewu ndi ndodo yake, ndipo amawoloka pomva kulira kwa loboti. M'chaka cha 2018 boma la Britain lidapempha makhonsolo kuti ayambe aima kumanga misewu yosalaza malire pakati pa magalimoto ndi anthu oyenda pansi. Ine ndiima ndi akhunguwo. Lamulo la pamsewu lidaikidwa makamaka chifukwa cha iwo amene sangathe kudziteteza okha: wakhungu, wogontha, agogo a ku Biwi oyenda ndi ndodo, mwana wa Sitandade 1 wa ku Area 23.

Choncho inu amisiri a mbaula, munthu akabwera ndi chitsulo chokhala ndi utoto wa pamsewu, mufunseni kumene wachitenga, ndipo musagule. Inu a m'Miphakati, pitani kwa mafumu ndi makhansala anu, mukapemphe mahampu ndi powolokera pafupi ndi sukulu ndi misika, ndipo mukatchule malo enieni kumene ana amawoloka m'maŵa ulionse.