Kangalaŵa ka Matanga Ofiira

Madzulo ano tikamba za kangalaŵa kampikisano kotchedwa Mirror, kamene kanabadwira ku Mangalande.

Kale kumeneko mpikisano wa ngalaŵa za matanga unali maseŵera a anthu achuma. Koma m'chaka cha 1962 amuna aŵiri, Barry Bucknell, amene ankaphunzitsa ntchito zamanja pa wailesi yakanema ya BBC, ndi Jack Holt, mmisiri wa ngalaŵa wa ku London, anakonza ngalaŵa yoti munthu wamba adzikhomere yekha pakhomo pake. Nyuzipepala ya Daily Mirror inathandiza ntchitoyi, ndipo dzina la kangalaŵaka ndi kufiira kwa matanga ake zinachokera ku nyuzipepalayo. Kanayamba kugulitsidwa mu 1963.

Kakhomedwe kake n'kodabwitsa. Munthu ankagula matabwa opyapyala a pulayiwudi odulidwa kale, naŵasoka ndi waya wamkuwa monga mmene telala asokera nsalu, kenaka namata misoko ndi timizere ta nsalu yagalasi ndi guluu wolimba. Kangalaŵaka n'kotalika mamita 3.3, ndipo popanda zida zake kamalemera makilogalamu pafupifupi 45, kotero kuti anthu aŵiri akhoza kukakweza padenga pa galimoto. Kutsogolo kwake sikosongoka koma n'kophwatalala, chifukwa kupinda matabwa kuti asongoke kufuna luso lalikulu. Mlongoti wake woyambirira unali waufupi, wokhala ndi mtengo wina wokweza thanga, kuti mitengo yonse izikwana m'kati mwa ngalaŵa.

Tsono funso limene ambiri amafunsa ndi ili: kodi ngalaŵa yopanda injini ndi nkhafi ingapite bwanji kumene mphepo ikuchokera? Chinsinsi chili pa thabwa limene amatsitsira m'madzi kudzera pa mpata wa pakati pa ngalaŵa. Mphepo ikakankha matanga, thabwalo limakaniza ngalaŵa kutsetserekera m'mbali, ndipo mphamvuyo imaikankhira kutsogolo. Siingalunjike mphepo ndendende. Imayenda mopendeka, kutembenukira uku ndi uko, monga munthu wokwera phiri ndi katundu pamutu. Mphepo ikakhala kumbuyo, amakoka thabwalo nakweza thanga lachitatu, lotukumuka ngati chikwama.

Oyendetsa amakhala aŵiri. Mphepo ikakula, onse amakhala m'mphepete, natsamira kunja kuti ngalaŵa isapendeke. Akachedwa pang'ono, basi yagudubuzika. Komabe siimira, popeza m'thupi mwake muli zipinda zotsekeka zodzaza mpweya. Mmodzi amakwera pa thabwa lija, ngalaŵa n'kudzuka, mpikisano n'kupitirira.

Tisabise: Mirror si yaliŵiro lalikulu. Ndi yaifupi, ndipo pa mafunde kutsogolo kwake kophwatalala kumamenya madzi n'kuichedwetsa. Koma popeza malamulo amafuna kuti zonse zikhale zofanana, wopambana sapambana chifukwa cha ndalama. Amapambana chifukwa chodziŵa kuŵerenga mphepo pamadzi ndi kugwirizana ndi mnzake. N'chifukwa chake tate ndi mwana wake akhoza kugonjetsa anyamata amphamvu.

Ngalaŵa zamtunduwu zoposa 70,000 zakhomedwa, zambiri mwa izo ndi manja a eni ake, ndipo ana ochuluka anaphunzirirapo kuyenda panyanja.