Kulera Si Katundu wa Amai Okha



M'chaka cha 1966 dziko la Malaŵi linali ndi anthu 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 anapitirira 17 miliyoni. Anthu achuluka, koma nthaka siinakule. Chiyambire 1982, pamene Boma linaloleza kulera m'zipatala, katundu ameneyu wasenzedwa kwambiri ndi amai. Yakwana nthaŵi yakuti abambo nawo alandireko.

Kutseka abambo ndi ntchito yaing'ono, ya mphindi zosapitirira 30. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, nadula timitsempha tiŵiri modutsa mbewu ya bambo, ndipo munthu amabwerera kwao tsiku lomwelo. Kumeneku si kufula ayi, monga ena amanamizira kumidzi. Mphamvu za m'nyumba sizichepa. Komabe banja liyenera kutsata njira ina kwa miyezi 3, kufikira mbewu zotsalira zitatha. Ndiponso kutseka sikuteteza ku Edzi.

Chachikulu nchakuti njira imeneyi ndi yamuyaya. Iyenera bambo amene ana amkwanira, atagwirizana ndi mkazi wake. Ku India, pakati pa 1975 ndi 1977, boma la Mai Indira Gandhi linakakamiza amuna mamiliyoni kuti atsekedwe. Anthu anakwiya, naligwetsa pa chisankho cha 1977.

Chotero mtsogoleri wanzeru afotokoze zoona pa misonkhano, asakakamize munthu, chifukwa wosankha ndi mwini banja. Mai ndi bambo asenzere pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.