Nseru Poyamba Maseŵera a Yoga

Amayi nonse mwabwera kusikelo lero, tikambirane za yoga, maseŵera otambasula thupi ndi kupuma mwadongosolo, ochokera ku India. Ena oyamba kumene amamva nseru, makamaka poŵeramitsa mutu pansi, chifukwa chakudya cha m'mimba chimakankhidwira kukhosi. Kudzuka mofulumira ndi kusunga mpweya m'chifuwa kumadzetsanso chizungulire.

Mukadya nsima, dikirani maola 2 kapena 3 musanayambe. Imwani madzi okwanira tsiku lonse, makamaka inu oyamwitsa. Nseru ikayamba, lekani pomwepo. Khalani pamphasa, muwongole msana, ndi kupuma pang'onopang'ono ndi mphuno. Ngati munagona, tembenukirani chammbali musanadzuke. Inu amene mwangochira kumene, yambani mwafunsa anamwino pokapimidwa pakatha masabata 6.

Koma nseru ikamabwera ngakhale tsiku losachita maseŵera, musanamizire yoga ayi. Mwina muli ndi pakati, kapena magazi akuchepa m'thupi. Poyezetsa mwana, uzani anamwino kuti nanunso akupimeni. Thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti angakhale malungo. Mayi akadwala, mwana amabvutika naye.